Kaphedwe ka dimba ku Malingunde

Dimba silifa tsiku limodzi. Limaphedwa pang'onopang'ono, ndipo njira yake ndi imodzimodzi kuyambira ku Malingunde, kudzera ku Mitundu mpaka ku Nathenje. Ndiyilemba monga momwe imayendera, chifukwa zimandiwawa kuona mabanja olimbikira akuyitsata osadziwa kumene ikuwatengera.

Yambani ndi malo. Wokerani tomato wanu pansi penipeni pa dambo, pamene madzi ali pafupi ndipo ndowa simuyenda nayo mtunda. Dera lino ndi lokwera mamita oposa 1,000, ndipo mu Juni ndi Julaye, usiku wopanda mitambo, mwera utaleka kuwomba, nthaka imataya kutentha konse kumene inasunga masana. Mpweya wozizira ndi wolemera. Umatsetsereka kuchoka kumtunda n'kukaunjikana m'chigwa, pa bedi lanu lomwelo. M'mamawa mudzapeza udzu uli mbuu, ndipo dzuwa likakwera masamba a tomato adzakhala atada n'kulendewera ngati wina wawathira madzi owira. Mnzanu amene anawokera chakumtunda pang'ono adzathyola wake.

Mpiru, repu, kabichi ndi anyezi zimapirira chisanu, choncho zisiyeni. Dzazani dimba lonse ndi tomato, nyemba, kachewere ndi maungu, poti chaka chatha tomato anadula pa msika wa Mitundu. Bzalani kumapeto kwa Meyi kuti chisanu chikafulumira chipeze mbewu zili zanthete, ndipo thirani urea wambiri kuti masamba afewe, adzaze madzi. Madzulo amene kunja kuli zii, nyenyezi zili ngwee, makutu akuluma, musathirire, pakuti nthaka yonyowa ndi imene imasunga kutentha n'kumakutulutsa usiku. Nazale musaiphimbe ndi udzu kapena matumba akale. Makolo athu ankafukiza zinyalala m'mbali mwa dimba n'kulawirira kukathirira dzuwa lisanatuluke. Zimenezo zitcheni zachikale. Alangizi alipo, koleji ya zaulimi ya Bunda ili pakhomo pa Mitundu pomwepa, koma musafunse kanthu.

Kenaka umitsani madzi. Mtsinje wa Lilongwe umayambira m'nkhalango ya Dzalanyama n'kudzaza madamu awiri a Kamuzu ali ku Malingunde konkuno, amene amamwetsa mzinda wa Lilongwe. Pitirizani kutentha makala m'nkhalangomo, njinga zizitsika usiku zitasenza matumba. Mvula ikagwa pa phiri lopanda mitengo imathamanga osalowa pansi, ndipo chitsime cha m'dimba chimene kale chinkafika Okutobala chidzauma mu Ogasiti. Bzalani bulugamu m'mphepete mwa dambo, limani mpaka m'gombe la mtsinje, ndipo woumba njerwa mumulole akumbe dothi lakuda lija, akusiyireni maenje.

Nkhani ya munda ndi imene imandisowetsa tulo. Mu 1966 Amalawi tinalipo pafupifupi 4 miliyoni. Kalembera wa mu 2018 anapeza 17.5 miliyoni, koma nthaka ndi yomweyo. Munda umene agogo aakazi ankalima okha unagawidwa kwa ana awo aakazi, kenaka kwa zidzukulu, ndipo lero mkamwini akabwera amaloza mizere yoti mutha kuiwerenga mutaimirira pamodzi. Pamenepa palibe wolakwa. Kulakwa kumayamba Loweruka lina, munthu wa m'tauni akaimitsa galimoto pansi pa mango n'kunena kuti akufuna malo a famu. Mugulitseni tsiku lomwelo, mwini mbumba asanamve, mfumu idzauzidwa mawa. Ndalamazo mugule njinga yamoto ya kabaza, imene m'zaka zochepa idzakhala itatha pomwe mundawo ukubalabe kwa mwini wake watsopano. Ngati kugulitsa kukuopsani, ubwereketseni chaka ndi chaka pa ndalama yosakwana matumba a chimanga amene mukanakololamo. Lamulo la malo a makolo la mu 2016 limalola banja kulembetsa malo ake, koma inu musalifufuze. Pansi pa Malingunde palinso miyala ya graphite imene kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals inaifufuza. Pakaitanidwa msonkhano wa za malo ndi chipukutamisozi, khalani kunyumba, ena akakulankhulireni.

Chatsala ndi nkhokwe. Mu Meyi mavenda amafika pamudzi ndi sikelo zawo, chimanga chili pa mtengo wotsika kwambiri pa chaka chonse. Gulitsani chonse, soya ndi mtedza womwe, osasiyako ngakhale mbewu. Nkhwani ndi khwanya musafutse. Iwalani kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, feteleza, mafuta ophikira ndi sopo n'kukwera nthawi imodzi. Iwalaninso kuti mu Malichi 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza za ngozi ya chilala cha El Niño m'maboma 23 mwa 28. Ndalama ya m'thumba imasungunuka mitengo ikamakwera, pamene thumba la chimanga likanakhala thumba lomwelo mpaka Febuluwale.

Dimba lija ndi limene likanakuwolotsani: ndiwo zapakhomo, kandalama ka mchere ndi chigayo, ndi mondokwa wa mu Novembala. Popeza chisanu chinalitentha ndipo chitsime chinauma, pofika Januwale mudzagula chimanga chanu chomwe chija kwa venda yemweyo, pa mtengo wokwera, m'timbale. Zikavuta, katengeni katapira. Kenaka nyamulani khasu, inu ndi mayi a kunyumba, mukapemphe ganyu wopalira kwa kapitawo wa bwana uja munamugulitsa munda. Mukamapalira kumeneko sabata ziwiri zimene chimanga chimafuna khasu kwambiri, mizere yanu yotsala ija idzamera udzu, feteleza wachiwiri sadzathiridwa, ndipo zokolola za chaka chamawa zidzakhala zitachepa kale ngaiyaye zisanatuluke.