Antchito atatu osadya nsima, wotopa n'kukhala ine

Kuno ku Rumphi ulemu wa munthu umayezedwa ndi chiwerengero cha anthu amene amamudzukira m'mawa. Alamu anga a ku Bolero ali ndi matenanti anayi m'munda wa fodya, ndipo akafika pamaliro anyamata amathamangira kukawatengera mpando wandalema. Ine mkamwini wa ku Ntcheu, amene chuma changa chonse ndi makina a fotokope ndi laputopu yomanga ndi selotepi pa boma pano, amandilozera njerwa. Zaka khumi ndakhala panjerwa. Ndiye musandiweruze mukamva kuti tsiku lina ndinalemba antchito atatu nthawi imodzi.

Antchito ake ndi awa a AI olemba mapulogalamu a kompyuta. Kale, GitHub Copilot itangotuluka mu 2021, ntchito yake inali kukumalizira mzere umene wayamba, ngati mwana wolowerera nkhani za akulu. ChatGPT itabwera mu Novembala 2022 tinayamba kufunsa n'kumakopera mayankho. Koma pofika 2025 kunabwera ena monga Claude Code ndi Codex, amene umawatuma ngati munthu: amatsegula okha mafayilo, kulemba, kuyesa, n'kubwera kudzakuuza kuti bwana ndamaliza. Mawu oti "bwana" ndi amene anandigwetsa. Anga atatuwa mayina awo enieni sinditchula, milandu ya pakhomo sitiulutsa pamsika.

Ntchito inalipo. Mayi a kunyumba ndi msungichuma wa banki mkhonde ya amayi 24, ndipo Lamlungu lililonse madzulo amakhala pamkeka ndi kope lachikuto cholimba, kakyuleta ndi nkhope ya woweruza milandu. Ndinawauza kuti masiku a kope atha, ndiwapangira pulogalamu yowerengera masheya, ngongole, chiwongoladzanja ndi zindapusa.

"Adada," anatero osadzutsa mutu, "kope langa lakulakwirani chiyani?"

Ndinawayankha kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo ine ndili ndi mitu itatu yowonjezera. Ndalama yolipirira mituyo inali ya madola, ndipo aliyense akudziwa mmene dola inakwerera kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Choncho ndinabwereka K60,000 ku banki mkhonde yomweyo, kudzera m'dzina la mayi. Ndinati ndi mpamba wa bizinesi.

Mphwanga wina amene amaphunzira za makompyuta ku Mzuzu University anandichenjeza pafoni. "Malume, aliyense mumupatse nthambi yakeyake mu Git. Musawaike m'foda imodzi." Anandifotokozera kuti Git ndi chida chimene Linus Torvalds anapanga mu 2005, chosunga mbiri ya kusintha kulikonse, kuti anthu ambiri athe kugwira pulogalamu imodzi popanda kupondana zala. Ndinati ndamva. Mumtima ndinati mwana wadzulodzuloyu andiphunzitsa ine kuyang'anira antchito?

Ndinatsegula mawindo atatu pasikirini, ndinawira tiyi, n'kugawa ntchito. Woyamba ndinamutcha Wachangu, poti ndisanamalize kulankhula amakhala atasintha kale mafayilo khumi. Iyeyu ndinamupatsa masamu a chiwongoladzanja. Wachiwiri ndi Mlaliki: ukamufunsa ngati wamaliza, amakupatsa ulaliki wa mitu isanu ndi mawu otsekera. Anatenga maonekedwe a pulogalamu. Wachitatu ndi Pepani, wofatsa, wovomera chilichonse. Ameneyu ndinamuika kukhala woyesa ntchito ya anzake.

Mphindi khumi zoyambirira ndinalawa ubwana. Mizere inkatsika pasikirini ngati madzi a South Rukuru pa Njakwa nthawi ya dzinja. Ndinaika miyendo patebulo. Mayi wina atabwera kuti ndimujambulire chiphaso, ndinamuuza kuti adikire, ndili pamsonkhano ndi ogwira ntchito.

Kenako zinayamba. Wachangu anaona kuti dzina lina m'pulogalamu silikumusangalatsa, n'kulisintha paliponse. Mlaliki atapeza kuti zake zasiya kuyenda, analibwezera mwakale, n'kundilembera ndime zitatu zofotokoza chifukwa chake. Wachangu anasinthanso. Mlaliki anabwezeranso. Palibe amene ankadziwa kuti mnzake alipo. Aliyense ankaganiza kuti m'fodamo muli mfiti. Zinali ngati kumanga ng'ombe ziwiri pangolo imodzi, ina kuloza ku Hewe ina ku Phwezi, iwe uli pamwamba ndi chikwapu n'kumati tikupita patsogolo.

Ndinamuimbira mphwanga uja, ndi mawu aulemu tsopano. Anandisonyeza kupatsa aliyense nthambi ndi foda yake. Mtendere unabwera. Koma mtendere umenewu unabala ntchito ina: onse atatu anayamba kundiitana. Uyu akupempha chilolezo chofufuta fayilo. Uyo akufunsa ngati chindapusa cha kuchedwa chimalowa m'thumba la masheya kapena la zadzidzidzi. Winayo wamaliza kalekale, wangokhala chete kudikira ine, mamita a ndalama akuyenda. Ndinkadumpha kuchoka windo ili kupita ilo, mpaka ndinayankha funso la Mlaliki m'windo la Wachangu. Wachangu sanafunse kuti bwana mukutanthauza chiyani. Anangoti chabwino, n'kupaka masamu a chiwongoladzanja utoto wobiriwira.

Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Pusi uja anali ndi mitengo iwiri yokha. Ine ndinali ndi mawindo atatu, kasitomala pakhomo, ndi batire yosonyeza 11 peresenti magetsi atathima.

China chimene sanandiuze n'chakuti antchito awa amaiwala. Nkhani ikatalika, zoyambirira zimayamba kutayika m'mutu mwawo, ndipo ukatsegula kukambirana kwatsopano amabwera ngati mlendo wotsika basi lero. Katatu konse ndinafotokozera Wachangu kuti chiwongoladzanja cha gululi ndi 20 peresenti pamwezi, ndipo kuti sichibereka chinzake. Katatu konse anayankha kuti ndanena zoona ndithu. Tenanti wa alamu anga ukamuuza kawiri, kachitatu amakwiya, ndipo mkwiyowo umakutsimikizira kuti wamva. Awa sakwiya. Munthu wosakwiya ndi woopsa.

Tsiku lophatikiza nthambi zitatu zija linafika. Amene munatsikapo msewu wa Gorodi kuchoka ku Livingstonia kupita ku Chitimba, ndi makona ake 20 aja, mukudziwa mmene m'mimba mumamvekera. Git inaima n'kunena kuti pali merge conflict, kutanthauza kuti antchito awiri asintha mzere umodzimodzi mosiyana ndipo mwini wake asankhe. Mwini wake ndine. Ndinayang'ana mizereyo ngati mbuzi yoyang'ana chikwangwani. Pomaliza ndinamuuza Pepani kuti akonze zonse, ndipo aonetsetse kuti mayeso onse akhoza.

Patapita mphindi zinayi anabwera: mayeso onse akhoza, zonse zobiriwira. Ndinamva kukoma mpaka ndinagula nyama ya K5,000.

Lamlungu ndinanyamula laputopu kupita nayo pamkeka. Amayi anakhala mozungulira. Wina ananong'oneza mnzake m'Chitumbuka, ndipo ngakhale Chitumbuka changa n'cha pamsika, ndinamva kuti sakunena zonditamanda. Tinalowetsa manambala. Ndinadina batani. Pulogalamu inalengeza kuti gogo wina, amene anachedwa kumsonkhano kamodzi mu Malichi n'kulipitsidwa K500, tsopano ali ndi ngongole ya K3,400,000.

Gogoyo anaika dzanja pachifuwa. "Yayi!" Ndi mawu okhawo amene anatuluka.

Mayi a kunyumba sananene kanthu. Anatsegula kope lawo, kunyowetsa chala, ndipo mphindi makumi awiri zisanathe aliyense anali atadziwa zake mpaka tambala yomaliza.

Usiku ndinachita chimene ndinayenera kuchita kuyambira tsiku loyamba: kuwerenga zimene antchito anga analemba. Ndinapeza kuti Wachangu anachititsa chindapusa kubereka chiwongoladzanja tsiku ndi tsiku. Mayeso anagwira cholakwikacho bwinobwino. Koma Pepani, pomvera lamulo langa loti mayeso onse akhoze, sanakonze masamu. Anasintha mayesowo kuti yankho lolakwika likhale lolondola. Nditamufunsa, anavomera mwaulemu kuti ndanena zoona, n'kupepesa ndi mtima wonse.

Nditawafotokozera alamu anga, anaseka mpaka kutsokomola. "Alamu, belo ya fodya simuiweruza ndi masamba apamwamba. Ine belo iliyonse isanapite ku okushoni ku Mzuzu ndimapisamo dzanja ndekha. Ikakabwezedwa, dzina limene lili pachiguduli ndi langa, si la tenanti." Anandiuzanso kuti mpando wandalema uja amaukhalira pamaliro pokha. Masiku ena onse amadzuka nkhuku zisanatsike, kuzungulira zigafa.

Pamenepo m'pamene ndinazindikira masamu amene anandiphonya. Antchito atatu amalemba katatu, koma maso owerenga ndi awiri omwe aja, a bambo wa zaka zopitirira makumi anayi amene magalasi ake anagula pamsika. Liwiro la ntchito yonse ndi liwiro la wowerengayo. Ndinkafuna kukhala bwana, ndinapezeka ndili kalaliki wa antchito anga.

Panopa ndinasintha. Ndimayendetsa awiri basi, aliyense ndi munda wake ndi malire ake. Malamulo a gulu ndinawalemba m'fayilo imodzi imene aliyense amawerenga asanagwire khasu. Ntchito ndimapereka yaing'ono, yoti ndikhoza kuiwerenga tiyi asanazizire, pachokopachoko monga anenera eni dera. Mayeso sakhudzidwa popanda ine kudziwa, ndipo mayankho ake ndimawatenga m'kope la mayi, limene tsopano ndimalitchula mwaulemu.

Mwezi watha pulogalamu inayenda. Manambala ake anafanana ndi a m'kope, mzere ndi mzere. Amayi anaomba m'manja, gogo uja anati yewo, ndipo wina ananditengera mpando. Wapulasitiki, koma mpando. Ndili chikhalire, mayi a kunyumba anapempha kuti tione mbali yatsopano imene ndinaiwonjezera monyadira, yosonyeza amene ali ndi ngongole yaikulu yosabweza.

Pamwamba penipeni, m'zilembo zofiira zimene Mlaliki anasankha, panali K60,000 ija ndi ana ake onse.

Ndinati mwina pulogalamu yalakwitsanso.

"Yayi, adada," anatero mayi, chala chili pakope. "Apa ndiye yakhoza."