Malangizo kwa Wofuna Kukavutika ku Cape Maclear

Anthu ambiri amapita ku Cape Maclear, amakagona m'tenti, amakwera phiri, amasambira, kenako n'kubwerera kwawo ali bwinobwino, opanda ngakhale kachipsera. Anthu otere Lolemba ku ofesi amangoti duu, chifukwa palibe amene amatchera khutu nkhani ya ulendo woyenda bwino. Ngati inu mukufuna kubwerako ndi zosimba za chaka chathunthu, njira zake zilipo, ndipo zambiri sizilira ndalama.

Choyamba, nyamukani mochedwa. Wochokera ku Blantyre adye kaye nkhomaliro, aime pa Zomba, aimenso pa Liwonde kudya tchipisi, kuti pa Mangochi adutse dzuwa likulowa. Wochokera ku Lilongwe adzere ku Dedza, mapiri otsikira ku Golomoti awatsike chisisira. Cholinga n'chakuti pa mphambano ya kufupi ndi Monkey Bay, pamene msewu wa ku Cape umapatukira, mufike kuli mdima wa ndiweyani. Kuchokera pamenepo ndi makilomita pafupifupi 18 okhotakhota m'mapiri, ndipo Mwala wa Mphini, umene anzanu amaimika galimoto kuti auone, inu mudzaupitirira osadziwa.

Tenti mubwereke kwa msuweni wanu amene anaigwiritsa ntchito komaliza ku msonkhano wa achinyamata a kutchalitchi, iye asanakwatire. Musaitambasule kunyumba. Kuwerenga zikhomo ndi timitengo take musananyamuke n'kusakhulupirira m'bale wanu. Mukaitambasulire kunyanja komweko, mukuunikira ndi foni imene batire lake lafiira kale, kuti nkhani ya zipi yakufa ndi bowo la makoswe muidziwe pa nthawi imene simungachitepo kanthu.

Pomanga tentiyo pamafunika diso. Eni malo ogona adzakulozerani pamene anzanu amamanga, koma pamenepo n'pa aliyense. Inu fufuzani pokuya pang'ono, pa mchenga wofewa wopanda miyala, pakati pa mapiri awiri. Akuluakulu amati madzi saiwala khwawa, koma akuluakuluwo sanagonepo m'tenti, ndipo tsobola wakale sawawa. Ngati ndi mu Januwale, mvula ikagwa kuphiri pakati pa usiku mudzadzutsidwa ndi matiresi akuyandama, nsapato imodzi itatsogola kale ulendo wa kunyanja. Ngati ndi m'chilimwe, khwawa silikuthandizani. Pamenepo sankhani tsinde la mtengo waukulu umene pansi pake pali makoko a zipatso ndi tindowe tatsopano. Eni ake ali m'mwambamo, ndipo m'bandakucha adzakupatsani moni m'njira yawo.

Neti ya udzudzu isiyeni kunyumba. Wina akafunsa, muuzeni kuti mphepo ya kunyanja imathamangitsa udzudzu. Amishoni a ku Scotland amene anafika ku Cape mu Okutobala 1875 pa sitima ya Ilala, pamodzi ndi Dr Robert Laws, nawonso anakopeka ndi doko labwino ndi kamphepo komweko. Malungo anapha anzawo ena mmodzimmodzi. Dr William Black anamwalira mu 1877. Pofika 1881 anali atabatiza munthu mmodzi, Albert Namalambe, ndipo anasamukira ku Bandawe. Manda a omwalirawo alipobe m'tsinde mwa phiri, pafupi ndi chipata cha paki. Iwowa tingawakhululukire, poti masiku amenewo kunalibe amene ankadziwa kuti malungo amabwera ndi udzudzu. Inu mukudziwa, ndiye ulemu wanu udzaposa wawo.

Kukacha, pitani pachipata mukakangane. Malo amenewa ndi Lake Malawi National Park, imene boma linakhazikitsa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Polowa pamalipiridwa, ndipo Mmalawi amalipira ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi mlendo wakunja. Musalole kuti kuchepako kukufooketseni. Funsani mlonda ngati nyanjayi anaikumba ndi iyeyo. Mufunseni dzina la bwana wake. Akapitiriza kulemba lisiti mwakachetechete, kwezani mawu kuti, "Achimwene, mukundidziwa koma?" Mphindi makumi awiri zimene mungathere pamenepo n'zofunika, chifukwa zimapatsa dzuwa mpata wokwera.

Tafika pa nkhani ya phiri, pamene munthu wakhama amadziwikira. Kuseri kwa mudzi wa Chembe kuli mapiri a miyala ikuluikulu, ndipo pali njira yodutsa m'mapirimo mpaka kukatsikira ku Monkey Bay, ulendo wa maola angapo. Anthu a komweko amaiyamba tambala atangolira kuti dzuwa likamaswa mtengo akhale atafika. Inu muiyambe cha m'ma 11, makamaka mu Okutobala, mitengo itayoyola masamba ndipo thanthwe likutentha moti dzanja silikhalapo. Kumapazi valani mapatapata, kapena nsapato zatsopano zimene munagulira ulendo womwewu, zosavalidwapo. Madzi tengani botolo limodzi laling'ono anthu asanu. Nyanja yonseyo ikuoneka m'munsimu, ludzu lichokera kuti?

Pa chiyambi cha njira padzabwera mnyamata waulemu, mmodzi wa operekeza alendo, n'kunena kuti, "Bwana, njira zake n'zosokoneza, ndikuperekezeni." Mukaneni. Muuzeni kuti munabadwira ku Mulanje, kapena kuti foni yanu ili ndi mapu. Safunsa anadya phula, koma mwambiwo sunena kuti phulalo linamupha. Zimene mnyamatayo sanathe kukufotokozerani, poti munamudula pakamwa, n'zakuti m'mapirimo muli tinjira tambirimbiri ta amayi otola nkhuni, ndipo kalikonse kamaoneka ngati njira yeniyeni mpaka pamene kathera pa chitsa. Netiweki nayo imathera kuseri kwa phiri loyamba.

Mukasochera, pumulani pamthunzi uliwonse umene mwaupeza. Mukaona chomera choyanga chokhala ndi nyemba zaubweya wofiirira, wonyezimira bwino padzuwa, gwirani, muonetsenso ana. Chimenecho ndi chitedze, ndipo nyengo yake yokhwima ndi yomweyi. Ubweyawo sufuna kuti muchite kuukhudza. Kamphepo kakangogwedeza nthambi umagwera m'khosi ndi m'malaya. Kandani mwamphamvu kuti ulowerere, kenako pukutani thukuta la kumaso ndi dzanja lomwelo. Cha m'ma 3 mudzakumana ndi amayi atatu akutsika, mitolo ya nkhuni yotalika kuposa iwo eni ili pamutu, akucheza za maliro a dzulo ngati akuyenda pabwalo. Musawapatse moni. Ingofunsani, "Kodi msewu uli kuti?" Wamkulu mwa iwo adzakuyang'anani kuyambira kumapatapata oduka mpaka kukhosi lotupa, n'kunena, "Pepanitu bambo, tiyeni tizitsika limodzi." Atsatireni, koma mukafika kumudzi muuze anzanu kuti njirayo munaipeza nokha.

Potsikapo mudzapeza kuti alendo anafika kale ku tenti. Izi zimatheka bwino ngati m'mawa munaponyera anyani nthochi kuti ana ajambule. Nyani akalandira chakudya m'manja mwa munthu kamodzi, amadziwa kuti jumbo iliyonse ili ndi kanthu, ndipo zipi yakufa sizimuchedwetsa. Buledi, shuga, mazira, matimati, zonse mukhale mutazisiya m'tenti momwemo, osati m'galimoto yokhoma. Mukapeza chimphongo chitakhala pa chikwama chanu chikusenda dzira, chithamangireni mukuchionetsa mano. Pakati pa anyani kuonetsa mano ndi nkhani imene amaimvetsa msanga. Ubwino wina wa njira imeneyi ndi wakuti phunziro limene mwapatsa anyaniwo lidzavutitsa ndi alendo a chaka chamawa, ndi amayi a m'mudzi amene amayanika chimanga panja.

Zam'madzi nazo zili ndi dongosolo lake. Chilumba cha Thumbi chimaoneka pafupi kwambiri ukaima pagombe, makamaka ukamwako mabotolo atatu. Chilumba cha Domwe n'chimodzimodzi. Miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti kumawomba mwera, mphepo yochokera kummwera imene imatha kusandutsa nyanja yogona kukhala mafunde oyera m'kanthawi kochepa. Asodzi amaudziwa, ndipo mukaona mabwato onse ali pamtunda, eni ake akusoka maukonde pansi pa mtengo, dziwani kuti tsiku lanu lafika. Mkulu wina akakuuzani kuti, "Lero nyanja si ili bwino, dikirani mawa," mufunseni ngati anapita kusukulu ya zanyengo. Funani mnyamata wosowa ndalama amene angavomere, mukwere anthu ochuluka kuposa mipando, ndipo jekete loyandamitsa mulikhalire, poti thabwa la boti ndi louma.

Mukafika ku miyala ya ku Thumbi kapena ku Otter Point mudzaona chimene pakiyi inakhazikitsidwira: mbuna, tinsomba ta buluu, tachikasu, tamizeremizere, tosambira m'madzi oyera moti umaona pansi. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba mazanamazana, yambiri yosapezeka kwina kulikonse padziko. Mbuna zimakhala m'miyala, zimadya ndere zomera pamiyalapo, ndipo sizikonda kuwoloka mchenga kapena madzi akuya, n'chifukwa chake mtundu wina umapezeka pa chilumba chimodzi chokha. Yaikazi imasunga mazira, kenako ana ake, m'kamwa pafupifupi milungu itatu, osadya kwenikweni, mpaka anawo atayamba kusambira okha. Cholengedwa chotere chimayenera buledi. Nyenyani lofu yathunthu, ngakhale matumbo ake anapangidwira ndere. Ndipo popeza kusodza n'koletsedwa m'kati mwa mamita 100 kuchokera pagombe la paki ndi la zilumba zake, nsomba za pamenepo siziopa munthu, tulutsani mbedza. Woyang'anira paki akakupezani, bwerezani mawu aja a pachipata.

Madzulo kumbukirani kuti Chembe ndi hotela yaikulu imene anthu ake anaikidwamo kuti azikongoletsa zithunzi zanu. Zoti ndi mudzi wa asodzi umene unalipo paki isanabwere, wokhala ndi mfumu yake, matchalitchi ake ndi manda ake, zisakusokonezeni. Dutsani pamsika ndi kabudula wosambira yekha. Amayi akutsuka mbale ndi kusambitsa ana pagombe, ajambuleni osapempha. Pa matandala oyanikapo usipa tolani ziwiri zitatu mulawe, kenako nenani kuti ku Limbe n'zotchipa. Chambo mukachifuna, nenererani mpaka msodzi atatopa, ndipo musafunse chifukwa chake masiku ano chikusowa. Usiku, nyali za asodzi a usipa zikayamba kundandalika panyanja, tulutsani sipika. Asodziwo akagwira ntchito mpaka mbandakucha, ana awo mawa ali ndi sukulu, ndiye akufunika nyimbo. Moto wowotchera nyama kolezani pafupi ndi udzu wouma, nkhuni muthyole m'paki momwemo, mmene eni mudzi amatola zouma zokha mochita kupatsidwa chilolezo. Mabotolo ndi majumbo kwirirani mumchenga. Mafunde adzafukula inu mutapita.

Mphatso yeniyeni ya ulendowu ndi likodzo, ndipo kuti mulitenge pamafunika kusankha malo. Tizilombo take timakulira mu nkhono zing'onozing'ono zokhala m'madzi osaya, odekha, kufupi ndi kumene anthu amasamba ndi kuchapa. Timatuluka kwambiri masana dzuwa lili pamutu, n'kulowa pakhungu popanda kupweteka. Ofufuza anapeza kuti ku Chembe nkhonozi zinachuluka pamene nsomba zodya nkhono zinachepa chifukwa cha maukonde a maso ang'onoang'ono. Choncho musapite kumiyala ya kutali kumene madzi ndi akuya. Khalani m'madzi ofika m'chiuno, kutsogolo kwa mudzi, kuyambira 11 mpaka 3, botolo lili m'manja. Mkodzo ukakugwirani musavutike kutuluka, poti mazira a likodzo amabwerera m'nyanja kudzera momwemo, ndipo ndi mmene mungathandizire kuti ana a m'mudzimo asasowe gawo lawo.

Anzanu ochenjera adzakuuzani za mankhwala otchedwa praziquantel. Gulani, mumwe tsiku lomwelo mukutuluka m'madzi. Mankhwalawa amapha nyongolotsi zikakula, ndipo zimatenga milungu 6 mpaka 8 kuti zikule, ndiye kumwa msanga kumakupatsani mtendere wamumtima popanda kusokoneza alendo anu. Pakapita miyezi, mukaona magazi kumapeto kwa mkodzo, kumbukirani zimene ankanena kale m'midzi ina ya kunyanja, zoti mnyamata akatero ndiye kuti wakula, ndipo dzitonthozeni nazo ngakhale muli ndi zaka 45. Malungo aja adzakhala atabwera kale, patatha sabata imodzi kapena ziwiri chibwerereni. Amenewo muwatche chimfine, mumwe panado.

Tsiku limene akunyumba adzakunyamulani kupita nanu kuchipatala, adokotala adzafunsa ngati mwapitako kunyanja posachedwapa. Yankhani kuti ayi. Akakakamira, nenani kuti munangopondamo mapazi. Kenako muwauze maganizo anu, oti mwina pali wina ku ofesi amene sanakondwe ndi zithunzi zimene munaika pa Facebook.