Kasamalidwe ka bwana wa ubweya wautali pagombe la Mbamba Bay

Chithirireni phula msewu wochokera ku Mbinga, zambiri zatsika phiri kufika ku Mbamba Bay: mabasi, simenti, ogula usipa a ku Songea. Boma la Nyasa, lomwe linadulidwa ku Mbinga mu 2012, latsala ndi chinthu chimodzi kuti lioneke lokhwima, ndicho mphaka wa mtundu wa Persian, uja wa ubweya wofika pansi amene ana amamuona pa foni n'kuyamba kulira kuti muwagulire. Muguleni ndithu. Koma yambani mwamva malangizowa.

Iwalani zonse zimene mukudziwa za chona wa kwathu. Uja alibe dzina, amagona paphulusa, amagwira makoswe usiku, ndipo malipiro ake amadzitengera yekha pathandala mwini usipa akayang'ana kumbali. Pangano lake ndi munthu n'lodziwika kuyambira makolo. Uyu mbiri yake ndi ina. Amati Mtaliyana wina woyendayenda, Pietro della Valle, ndiye anatengera amphaka oterewa ku Ulaya kuchokera ku Persia cha m'ma 1620. Mu 1871 anaonetsedwa pa chionetsero cha amphaka ku Crystal Palace mu London, ndipo chiyambire pamenepo oweta akhala akusankha wa ubweya wochuluka ndi nkhope yophwatalala. Pa zaka zoposa 150 za mipikisano imeneyi, woweruza amayang'ana maso, mchira ndi makutu. Za makoswe safunsa. Ndiye mukamufikitsa pakhomo musamuonetse nkhokwe, mungamuchititse manyazi. Muonetseni mpando.

Ntchito yaikulu ndi kupesa, tsiku ndi tsiku, Lamulungu lomwe. Gulani chipeso cha mano achitsulo, chakechake, chifukwa cha mayi a m'nyumba chikasowa mlandu wake simuutha. Yambani kumbuyo kwa makutu, tsikirani m'khwapa, malizani kunsi kwa mchira, komwe ubweya umamangana mfundo msanga. Mukadumphitsa sabata imodzi, mfundozo zimagwirana n'kusanduka chimfundo cholimba chokoka khungu, ndipo pansi pake utitiri umamanga mudzi popanda wouona. Kuno ntchitoyi ili ndi phindu lapadera, pakuti mphakayu amakubweretserani malipoti a kumene wayenda. Mupezamo mchenga wa kugombe, njere za chisoso, mamba a usipa, ndipo tsiku limene nkhungu zatuluka m'nyanja ngati utsi mupezamo ndiwo zokwanira banja laling'ono. Ubweya umene simunaupese amaumeza podzinyambita, kenako amausanza uli chibulumwa. Malo osanzira amasankha yekha, ndipo nthawi zambiri ndi pamkeka watsopano, akulu a mpingo atangokhala pansi.

Mukamuona akutuluka misozi, musayitane msonkhano wa banja kufunsa amene wamunyoza. Nkhope yophwatalala ija imapinda njira ya misozi, choncho imatsikira pamasaya n'kusiya mizere yoderako. Pukutani ndi kansalu konyowa m'mawa uliwonse, ana asanasambe. Mphuno yofupika yomweyo ndiyo imamuchititsa nkonono ndi kupuma movutikira, ndipo apa mpamene nyanja yathu imamuyesa. Mu Okutobala, dzuwa likamawotcha mchenga moti ngakhale msodzi amathamanga chodumphadumpha, bwanayu amakhala atavala bulangete losavula. Muikireni madzi pamthunzi, mumusiyire chipinda chozizira bwino, inu mukagone pakhonde. Zikakanika, mutumizeni kutchuthi kumapiri a ku Mpepo kwa achibale olima khofi, pamodzi ndi chipeso chake ndi mwana mmodzi womupesa.

Pa zakudya musanyengedwe ndi kuchuluka kwa nsomba. Nsomba zina zaziwisi zili ndi chinthu chimene chimawononga vitamini B1 m'thupi la mphaka akamadya zokhazokhazo, ndiye muziphike, muchotse minga, musathire mchere. Inde, mudzaima pamoto kuphikira mphaka mpasa pamene ana akudya nsima ya chinangwa ndi chigwada. Mkaka wa ng'ombe amphaka ambiri aakulu umawatsegula m'mimba, ndipo zimene zimachitika kutsegulako kukakumana ndi ubweya wa kunsi kwa mchira sindingazilembe m'magazini yowerengedwa ndi ana. Mtunduwu ulinso ndi matenda a impso otengera kumakolo, choncho funsani wogulitsayo ngati makolo ake anapimidwa. Akaseka, nanunso sekani, mubweze ndalama m'thumba. Katemera wa chiwewe yekha si nthabwala: mubayitseni kwa alangizi a ziweto, pakuti chiwewe sichiyang'ana mtengo wa mphaka.

Anansi adzalankhula. Kwathu kuno mphaka wachilendo akangodutsa pakhomo usiku, m'mawa nkhani yafika kale kwa amfumu, nanji uyu wa maso ofiirira ngati mkuwa, wosagwira ntchito koma wonenepa, amene mwini wake amamulankhula ndi ulemu. Mudzafotokoza kuti ndi chiweto chabe. Adzavomera ndi mutu, kenako adzayamba kuwerenga kuti bwato lanu lakhala likubwera ndi usipa wochuluka bwanji chifikireni mlendoyo.

Zabwino zake zilipo, tisamunamizire. Ndi wofatsa, mawu ake ndi apansipansi, ndipo mwana akhoza kumunyamula osakandidwa. Sakonda kukwera pamwamba, moti ndi mphaka yekhayo pagombe lonse, kuyambira ku Liuli mpaka kumalire a Mozambique, amene mungamusiye pafupi ndi thandala n'kupeza usipa uli momwe munausiyira. Makoswe nawo amamukonda pa chifukwa chomwecho. Pezani chona wamba wogwira ntchito ya kunkhokwe, kuti bwana asasokonezedwe tulo.

Chonayo, komabe, akhale wamkazi kapena wofulidwa. Ambiri ogula mphaka wodula amakhala atawerengera kale kuti akabereka adzagulitsa ana ku Songea n'kufolera nyumba ndi malata. Dziwani kuti ubweya wautali umatuluka pokhapokha mwana akautengera kwa bambo ndi mayi omwe. Usiku umodzi wa mwezi wowala, zenera litaiwalika, mphaka wanu wamkazi wa ku Persia adzakumana ndi chimphaka cha khutu long'ambika chimene chimagona pansi pa mabwato. Pakatha masiku 65 kapena kuchepera pang'ono, mudzalandira ana anayi kapena asanu a ubweya waufupi, amizeremizere, ofanana ndi bambo awo mpaka kayendedwe. Ku Songea palibe adzawagule. Agawireni anansi aja, pakuti amenewa makoswe amagwira.