Ulemu kwa a Mamina

Mfumu imalandira nthungululu, mvula yoyamba imalandira nyimbo, koma a Mamina amangolandira nsonga ya chitenje. Akangosuzumira pamphuno pa mwana, mayi ake afika kale kudzawapukuta. Tikafuna kunyoza munthu timati ndi wamamina. Ine lero ndikuwavulira chipewa akuluakuluwa.

Taonani kaye luso lawo losunga malo. M'mphuno, m'njira ya mpweya ndi m'matumbo muli maselo ooneka ngati tizikho. M'selo lililonse muli timatumba tating'onoting'ono, ndipo m'menemo ndi momwe a Mamina amagona asanaitanidwe. Thupi lawo ndi ulusi wa puloteni wovekedwa timaunyolo ta shuga, ndipo pa kulemera kwake shugayo amatha kufika magawo 80 pa 100 alionse. Si shuga wothira mu tiyi ayi, musanyambite. Timaunyoloti sitigwirizana: tili ndi mphamvu yamagetsi ya mtundu umodzi, choncho timakankhana ngati akazi apamitala. Koma kashiamu ndi asidi wa m'kathumbamo zimatikhazika chete, n'kupanikizana anayianayi ngati mu minibasi ya ku Ndirande. Kathumba kakangotseguka, kashiamu n'kuchoka, shugayo amamwa madzi n'kufufuma kuwirikiza mazanamazana, m'kuphethira kwa diso. Ndi kondakitala uti angapakire chonchi?

Akatuluka sapempha alawansi. Fumbi la Okutobala, utsi wa nkhuni, tizilombo ta matenda, zonse amazikola ngati ulimbo. Timatsitsi ta m'njira ya mpweya timawakankhira kukhosi, ife n'kumawameza tsiku lonse osadziwa, abusa ndi anduna omwe. M'mimba amamata khoma kuti asidi wogaya nsima asagaye mwini wake. Inu amene mwakwinya nkhope, dzulo lomweli mumakombeza mbale ya thelere. Kutelera kwake nakonso ndi shuga wa maunyolo ataliatali, kungoti iyeyo anapeza ulemu chifukwa amabwera ndi nsima.

A Mamina ali ndi msuweni wawo wophunzira, dzina lake heparin. Amakhala m'timatumba ta maselo otchedwa mast cells, amene Paul Ehrlich wa ku Germany anawafotokoza mu 1878. Ntchito yake m'menemo ndi kugwirizira histamine kuti asathawe. Mungu wa maluwa kapena fumbi zikaputa maselowa mwa munthu wodana nazo, timatumba timaphulika, histamine n'kumasuka, ndiye kuyetsemula, maso kuyabwa, ndi a Mamina kutsika ngati mtsinje wa Ruo m'dzinja. Heparin yemweyu madokotala amabaya odwala kuti magazi asaundane m'mitsempha, ndipo wambiri amatengedwa m'matumbo a nkhumba. Iye amagona mu botolo laukhondo kuchipatala, m'bale wake akutayidwa kuseri kwa nyumba.

Chimfine cha Juni chikakugwirani, minani ndithu. Koma minani mwaulemu, mukutsanzika akuluakulu.