Chala chimodzi sichiswa nsabwe

Makolo athu ponena mwambi uwu ankaganiza za nsabwe za m'mutu ndi za m'zovala. Sankadziwa kuti kudzabwera zina zobisala pakati pa zilembo mu kompyuta, kapenanso kuti abambo ambiri adzalemba pa kiyibodi ndi chala chimodzi chomwecho, chamkombaphala.

Taonani bambo ndi mwana wake wa Sitandade 5 akuphunzira Python, chinenero cholembera mapulogalamu chomwe Guido van Rossum anatulutsa mu 1991. Ntchito yake ndi yochepa: kompyuta ingonena kuti "Moni". Bambo alemba plint m'malo mwa print, pajatu kwa ife l ndi r ndi pachibale. Munthu akanamva. Python imangolavula NameError, basi yakhala pansi.

Apa bambo ayamba kusaka zifukwa zolingana ndi msinkhu wawo. Mwina ndi vairasi. Mwina bandulo yatha, ngakhale pulogalamuyi sifuna intaneti. Mwina vuto ndi laputopu yapakaunjikayi. Azimitsa, ayatsanso, aipukuta ndi malaya. Mwana wangoti chete, poti analeredwa bwino, mpaka ulemu utamukwana.

"Adadi, apa mwaika l."

"Ndimakuyesa dala, ndione ngati ukutsatira."

Chinsinsi chake n'chakuti wamkulu amawerenga zomwe amafuna kulemba, pomwe mwana, yemwe a e i o u akadali m'kamwa, amawerenga zomwe zalembedwadi, chilembo chimodzichimodzi. Ndipo nsabwezi n'zambiri: Print wa chilembo chachikulu, timadontho tiwiri toiwalika kumapeto kwa if, mzere wosalowa mkati mipata inayi, = mmodzi pofunika awiri.

Abambo asachite manyazi kwambiri. Mu 1962 roketi ya Mariner 1, yomwe a NASA anaitumiza ku Venus, anaiphulitsa okha patangopita mphindi zochepa itanyamuka, ndipo china mwa zifukwa chinali kachizindikiro kamodzi kosowa m'malangizo a kompyuta yake. Amenewo anali akatswiri olipidwa.

Kuyambira mtundu wa 3.10, Python imachita kufunsa ngati umatanthauza print. Koma bambo akangoona uthenga wa Chingerezi wautali amayang'ana kumbali, ndiye mwana ndi amene amawerenganso zimenezo. Wazindikira kale kuti ntchitoyi ili ndi phindu: nsabwe iliyonse akuti mtengo wake ndi mandasi awiri, ndipo ngongole salola.