Zolowa ndi zotuluka: tsamba la mwana wathu wa ku UNZA

Buku la pakhomo, Shikoswe, Kafue. Tsamba la mwana wathu wachisamba, amene akuphunzira zaulimi pa University of Zambia, ku Great East Road. Wolemba: bambo ake. Wosunga ndalama: mayi ake.

ZOLOWA

Ngongole ya boma, yochokera ku HELSB, bungwe lomwe lamulo la 2016 linaika m'malo mwa Bursaries Committee. M'kati mwake muli BC, ndalama ya chakudya, yomwe boma linachotsa mu 2019 n'kuibwezeretsa mu 2023. Mzere uwu ndaulemba ndi pensulo, poti mwanayu akadzayamba ntchito adzabweza yekha.

Nsomba za mayi ake. Amakapikula ku Chanyanya n'kumagulitsa pamsika. Kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale boma limatseka usodzi kuti nsomba ziswane, ndiye miyezi itatu imeneyo mayi amakhalira tomato ndi malasha.

Chilimba cha amayi a kumpingo. Tinapempha kuti ulendo wathu uzigwa mwezi wotsegulira sukulu.

Ukalipentala wanga: zitseko, mabenchi, nthawi zina bokosi la maliro. Mu 2024 chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, ndipo ndinabwerera ku sowo yamanja. Zolowa zinatsika ndi theka.

Kaloba, ngongole ya katapira: palibe. Tinagwirizana kuti pakhomo pano asalowe.

ZOTULUKA

Pogona. Amakhala mu boarding house ku Kalingalinga, anayi m'chipinda chimodzi, lendi mwezi ndi mwezi. Achibale ena anati aziyendera kuchokera kuno, poti Lusaka ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 okha. Tinawerengera. Basi yoyamba kudutsa Shimabala ndi Chilanga mpaka m'tauni, pomwe magalimoto amathithikana m'mawa uliwonse, kenako basi yachiwiri ya ku Great East Road. Kupita ndi kubwera ndi maola atatu kapena anayi patsiku, osawerenga, osagona. Lendi inatchipa.

Chakudya. Thumba la ufa la 25kg, kapenta, nyemba, soya, mafuta ophikira. BC ikatha mwezi usanathe, mayi ake amamanga nsomba zouma m'katoni n'kupatsira kondakitala wodziwika.

Za m'kalasi. Laputopu yogwirapo kale ntchito; mtengo wake: chilimba chonse cha chaka choyamba, kuphatikiza njinga yanga. Intaneti ya pafoni. Fotokope. Majombo ndi ovolosi zovala kumunda wa sukulu. Nyali yotchaja, yogulidwa chaka cha mdima chija.

Za pa kampasi. Mzere uwu unadzetsa mkangano, ndiye ndiulemba bwinobwino. Mwanayu ndi msungichuma wa kabungwe ka ophunzira zaulimi, komanso amaimba kwaya ya mpingo wathu pasukulupo. Pa ndalama: sikipa imodzi, chopereka cha pachaka, ndi zoimbira foni. Pa nthawi: madzulo awiri pa sabata. Amalume ake atawona tsambali anati, "Alamu, fufutani apa. Tinamutumiza kukawerenga, osati kukaimba." Sindinafufute. Patchuthi mwanayu anabwera ndi kabuku ka ndalama za bungwelo. Lisiti iliyonse anaimata ndi guluu patsamba lake, tsiku lili pamwamba, dzina la wolandira lili pansi, ndipo pomwe panasowa K20 analemba ndi cholembera chofiira kuti yasowa, osaibisa m'zinthu zina. Zimenezi sanaphunzire m'kalasi ya za nthaka. Kalata yopempha malo ophunzirirapo ntchito pa famu ina ya nsomba kuno ku Kafue anailemba yekha, ndipo amene anamuuza za malowo ndi mnzake wa chaka chomaliza wa m'bungwe lomwelo. Ndaika mzerewu ku zotuluka chifukwa ndalama imatulukadi, koma pambali ndalemba kuti imabwerera.

Zisankho za UNZASU, bungwe la ophunzira onse a pasukulupo. Anzake anamunyengerera kuti aime nawo. Iye anawerengera mapositala, ndi mausiku oyenda khomo ndi khomo m'mahositelo mayeso ali pafupi, ndipo anakana. Zotuluka: palibe. Kwaya nayo amaipumira mwezi wa mayeso, popanda womuuza.

Cholinga chake. Akufuna maiwe ake a nsomba. Akuti nsomba zimene mayi ake amapikula masiku ano n'zazing'ono kuyerekeza ndi zimene ankaziwona ali mwana, ndipo wofuya m'dziwe amagulitsa ngakhale mtsinje utatsekedwa. Poyambira pake ndi apa: Lamlungu lomwe ali kuno, amakhala pamphasa ndi mayi ake, kusankha nsomba zouma, kuchotsa zofumbwa, kulonga zitatuzitatu m'timapepala tapulasitiki. Amakagulitsa kwa anzake m'ma boarding house. Mpamba amabweza kwa mayi, phindu amasunga pafoni. Ndalama imeneyi sindinailembe ku zolowa. Si yathu.

ZIMENE BANJA LAMUTENGERA

Mzere uwu mabuku ambiri a pakhomo alibe, koma ndi umene watalika kuposa yonse.

Maliro a kumudzi. Sabata yathunthu, mayeso apakati amodzi n'kumudutsa. Malikisi a CA, a ntchito za m'kati mwa kosi, anatsika, ndipo kosi imeneyo anaibwereza. Mtengo: fizi ya kosiyo, ndi chaka chomwe ankanyamula katundu woposa anzake.

Wodwala kuchipatala cha UTH, ku Lusaka. Azakhali ake anagonekedwa kumeneko, ndipo banja lonse linati, "Si uli pafupi iwe?" Ankaphika phala mbandakucha, kukwera basi kupita nalo kuchipatala, kubwerera m'kalasi ya m'mawa itatha. Madzulo chimodzimodzi. Anachita ndi mtima wonse, ndipo azakhaliwo anachira. Komabe ku Lusaka tili ndi abale akuluakulu, ena ali ndi galimoto, ndipo palibe amene anati tigawane masiku.

Kitchen party ya msuweni wake. Anamuika mu komiti asanamufunse. Loweruka lililonse msonkhano, kuphatikiza chitenje cha yunifomu chogula yekha.

Kutumidwa. "Uli m'tauni, tatigulira anyezi kumsika wa Soweto." "Kalandire katundu kusiteshoni ya mabasi ya Intercity." Aliyense wotuma amawona ngati ndi kanthu kochepa, poti amawona kake kokha.

BC. Sukulu za boma zakhala zaulere kuyambira 2022, koma nsapato ndi yunifomu za ang'ono ake zimagulidwabe, ndipo Januwale amagwa mtsinje uli wotseka. Iye anatumiza gawo la ndalama yake ya chakudya. Mwezi umenewo anadya nsima ya soya yekhayekha. Ndalemba ngati ngongole yathu kwa iye, ndi inki.

KUWONKHETSA

Ndaika maola a kwaya, a bungwe ndi a malonda ake mbali imodzi, maola a banja mbali ina. A banja apambana, ndipo mwa onsewo okhawo ndi amene iye sanasankhe. Mwana wopita ku yunivesite timamunena kuti akutayira nthawi pa zosafunika, pomwe zimene iye wasankha amadziwa pozisiyira. Zathu ndi zimene sangakane, poti wokana kutumidwa ndi akulu amatchedwa wonyada ndi sukulu.

ZOGWIRIZANA, ine ndi mayi ake

Lendi, chakudya ndi intaneti zizilipidwa poyamba, zina pambuyo. Bungwe ndi kwaya zikhale. Phindu la nsomba lisakhudzidwe. Ngongole ya BC ibwezedwa usodzi ukatsegulidwa pa 1 Malichi. Pa maliro banja liziimiridwa ndi ine, kupatula ngati ndi a m'nyumba muno.

Abale nonse, a kuno ndi a ku Lusaka: mukafuna kumutuma, yambani mwaimbira ine. Mwezi wa mayeso yankho ndi ayi.