Buleka Ikagwa, Tauni Yonse Ndi Amisiri

Nkhani ya magetsi a m'nyumba zakale sisowa oiyankhula. Pachigayo, m'minibasi, ngakhale pamzere wogula mayunitsi, mukangotchula kuti buleka ya kwanu ikumagwa, amisiri amatulukira mbali zonse, aliyense ndi matenda ake, mankhwala akenso ali m'manja. Tonse tinakanganapo kale, makamaka ife a m'nyumba zija za Malawi Housing Corporation ku Nkolokosa, Chitawira, Kanjedza ndi ku Area 18, zimene zinamangidwa makolo athu akadali achinyamata.

Ena amalumbira kuti mawaya a nthawi ya Kamuzu safa, kopa wake anali weniweni. Ena akuti nyumba iliyonse yakale ndi moto wongodikira tsiku. Onse agwirako mbali. Kopa sakalamba msanga, n'zoona, koma chokutira chake chimauma ndi kutentha kwa pansi pa malata mpaka kusweka, ndipo tizomangira ta m'masoketi timakhwepa n'kumatenthetsa pulagi. Chachikulu n'chakuti nyumba zija anaziyalira mawaya akuganiza za mababu angapo, wailesi ndi simbi. Lero pasoketi yomweyo talumikizapo ekisitenshoni, paekisitenshonipo firiji, ketulo, hotipuleti ndi matchaja a banja lonse. Fyuzi yaikulu ya m'pulagi ya mano atatu ndi ya 13 amps, ndipo pa 230 volts ndiye kuti malire ake ndi pafupifupi 3,000 watts. Ketulo yokha imatenga pafupifupi 2,000. Mukawonjezapo simbi, malire mwawadumpha madzi asanawire. Walira mvula walira matope: tinafuna zipangizo, tilandirenso zofuna zake.

Mkangano weniweni uli pa buleka. Gulu lina limati ikamagwaigwa ndiye kuti ndi yofooka, tigule yaikulu. Lina, lokhala m'nyumba zimene zikadali ndi mafyuzi a kawaya, limanyadira kuti linaikamo waya wonenepa, ena amati mpaka msomali, ndipo chiikireni magetsi sanathimepo. Apa ndiye sitingagawe mlandu pakati. Buleka aisankha molingana ndi waya umene ikuuteteza: kawirikawiri wa 1.5mm kumababu, wa 2.5mm kumasoketi, wa 6mm kukuka. Ikagwa, ikunena kuti waya wasenza zopyola mphamvu yake kapena penapake pachita shoti. Kuikapo yaikulu kuli ngati kumanga pakamwa galu wouwa usiku kuti tigone bwino, wakuba ali pakhomo. Waya uja ndiye adzatentha m'malo mwa fyuzi, ndipo adzatenthera kusiling'i, pakati pa mitengo youma ndi zisa za makoswe, kumene palibe akuona.

Nanga mpopi wa kubafa kapena chitseko cha firiji chikamatsina? Pano maganizo ndi ambiri kuposa mawaya. Alipo amene amati n'chibadwa cha nyumbayo, ungovala mapatapata basi. Alipo amene amati magetsi amakonda magazi a anthu ena, n'chifukwa chake amagwira mayi osagwira bambo. Ndipo sasowa wonong'oneza kuti pali dzanja la munthu, poti zinayamba mutangokangana ndi aneba. Za magazi zija, yang'anani kaye kuti ndani amakhala wopanda nsapato pasimenti yonyowa, manja ali m'madzi. Kutsinako kukusonyeza kuti magetsi akudontha pena pake, ndipo njira yowatayira pansi yaduka. Nyumba imayenera kukhala ndi chitsulo cha ethi chokhomeredwa m'nthaka, cholumikizidwa ndi waya wobiriwira. M'nyumba zambiri zakale chinadyeka ndi dzimbiri, kwina wayayo anadulidwa ndi khasu polima maluwa, kwinanso akuba kopa anadutsa kalekale. Palinso buleka ina, ya earth leakage, imene imadula magetsi akangodontha 30 milliamps. Mabokosi akale ambiri alibe, ndipo mwa zonse zimene munthu angawonjezere m'nyumba yakale, imeneyi ndiyo yoyambira. Ili ndi kabatani koyesera. Kukadina nthawi ndi nthawi sikuwononga kanthu.

Nyumba ikapsa magetsi atangobwera, chigamulo chimatuluka utsi usanathe. Awa akuti ndi ESCOM, anabweza ndi mphamvu. Awo akuti ndi makoswe. Zonse ziwiri zimachitika: waya wa nyutulo ukakhwepa panjira, mphamvu imatha kukwera n'kupsereza zipangizo, ndipo khoswe amatafunadi chokutira cha waya. Koma tikafunsana mofatsa, kangati magetsi athima tikusita, ife n'kunyamuka kupita kuntchito simbi ili pasoketi yoyatsa? Magetsi pobwera sagogoda. Ndipo amene amathamangira ndowa ya madzi ayambe wathimitsa meni switchi, chifukwa madzi amatenga magetsiwo n'kuwafikitsa kwa wothirayo.

Za mayunitsi othera m'njira tingodutsapo: ena akuti mita ikuba, ena akuti aneba analumikiza mobisa. Thimitsani chilichonse m'nyumba, muone ngati mita ikuwerengabe. Nthawi zambiri wakubayo amapezeka kuti ndi giza.

Tsono woitana ndani? Dera lililonse lili ndi mnyamata wake wa tesita m'thumba, wotchipa, wofika msanga, ndipo omuikira kumbuyo amati sanaphepo munthu. Otsutsa amati ndi yemweyo amalumikiza mawaya n'kukulunga ndi pepala la pulasitiki. Sitikunyoza luso la manja, ena mwa anyamatawa amaidziwadi ntchito. Koma MERA imapereka ziphaso kwa amisiri oyala mawaya, ndipo kufunsa chiphaso si chipongwe. Nyumba yakale ili ndi misampha yake: mawaya akale ndi ofiira ndi akuda, atsopano ndi a bulawuni ndi a buluu, ndipo nyumba imene yawonjezedwa chipinda imakhala ndi mitundu yonse m'bokosi limodzi. Pogulanso waya tisamangotsata mtengo, pakuti ulipo wowoneka ngati kopa kunja, mkati muli aluminiyamu.

Mlandu umene watikanika ndi wa eni nyumba ndi ochita lendi. Udindo wa ESCOM umathera pamita, za mkati n'za mwini nyumba. Mwini nyumba akuti munaipeza ili bwino, mwaiwononga ndi mahotipuleti anu. Wochita lendi akuti sindingayale mawaya m'nyumba ya eni, mawa mundikwezera lendi kapena mundisamutsa. Aliyense ali ndi mfundo, ndipo pamene akukankhirana, soketi ya kukhitchini ija yada m'mbali ndipo ikununkha pulasitiki wopserera. Imeneyo isadikire chigamulo: ithimitsidwe kubokosi lero lomwe, mmisiri aitanidwe, lisiti isungidwe, za kuchotsera pa lendi mukambirane mwezi ukatha.